Mng'alu pa Khonde Lalitali

Lachinayi, 9 Malichi 2023

Msonkhano maola atatu. Nkhani yake yomweyomweyo: nyumba yakale ija timaitcha Khonde Lalitali, tiigumule kapena tiikonzenso. A Rejisitala akuti ine monga woyang'anira nyumba za pa yunivesite pano ndilembe lipoti mwezi usanathe. "Muikemonso kambiri kake, Mayi Mulipa, akhonsolo amakonda zimenezo." Ngati ndine mphunzitsi wa mbiri. Ine ndinaphunzira zomanga.

Masana ndinapitako ndi tepi, ngakhale miyeso yake ndimaidziwa pamtima. Zaka 16 ndikumata nyumba imeneyi.

Zimene ndikudziwa ndi izi. Chigawo chapakati, muli holo ndi makalasi anayi, anamanga amishoni 1938, pano pali sukulu ya aphunzitsi. Chigawo cha kummawa, zipinda zitatu, anachita kuwonjezera 1957. Njerwa zowotcha, zazikulu kuposa za lero, zoumbidwa kudambo kumunsiku. Anamangira laimu ndi mchenga, simenti ayi. Makoma okhuthala moti ophunzira amakhala pawindo n'kumadya. Kutsogolo khonde lenilenilo, mizati 18, pamwamba pake njerwa zopinda ngati uta. Mitanda ya denga ya mkungudza, chiswe chinaikana. Ukakwera kudengako fungo lake likadalimo. Malata ndiwo atha.

Yokongola, inde. Alendo amajambulitsa pamenepo. Koma alendo sakwera makwerero Januwale aliyense kukafuna podontha.

Mtima wanga ukuti igwe basi. Ndatopa nayo.

Bondo lakumanzere layambanso. Wailesi ikuti namondwe uja Freddy akubwereranso cha ku Mozambiki.

Lamulungu, 12 Malichi

Mvula chiyambire dzulo. Kutchalitchi sindinapite. Ndazungulira nyumba zonse ndi a Dominic, mmisiri wathu wamkulu. Buloko yatsopano ya 2016 ikudontha ngati dengu. Ku Khonde Lalitali ndowa zitatu zokha. Ndinachita manyazi pang'ono, sindikudziwa chifukwa chake.

Magetsi azima. Foni ya amayi anga ku Mbulumbuzi sikupezeka.

Lolemba, 13 Malichi

Sindikudziwa ndiyambire pati.

Cha m'ma 7 mmawa mlonda kudzagogoda, akuti pageti pali anthu. Ndimayesa khumi. Nditafika, msewu wonse. A m'midzi ya m'mphepete mwa phiri. Matope mpaka m'chiuno, ana kumbuyo, wina wanyamula mbuzi, wina chitseko chokhachokha. Akuti phiri lasanza madzi ndi miyala. Nyumba zapita. Ena sakuoneka.

A Rejisitala anandiyang'ana. "Tiwaika kuti?" M'mahositelo muli ophunzira. Buloko yatsopano madzi okhaokha. Ndinayankha ndisanaganize, ku Khonde Lalitali. Madesiki tinaunjika pakhonde. Pofika masana anthu 260 ndi mphambu. Amayi ndi ana ku chigawo cha kummawa poti zitseko zake zimatsekeka bwino, abambo mu holo.

Nyumba imene ndinaiweruza Lachinayi kuti igwe. Lero ndagonekamo ana.

Phala la soya kuchokera kukhitchini ya ophunzira. Makapu osakwana. Mvula osapuma n'pang'ono pomwe.

Lachiwiri, 14 Malichi

Mng'alu.

Khoma la kummawa, kuchokera pawindo lachiwiri kutsika mpaka pamaziko. Lamulungu panalibe, ndikhoza kulumbira. Chala changa chaching'ono chikulowa. Kunja madzi angoima m'mbali mwa khoma mpaka m'akakolo, sakupita kulikonse. Maziko akumwa.

Ndinachita zimene anatiphunzitsa kusukulu. Kagalasi kopingasa pamng'alu, mkati mwa chipinda, simenti uku ndi uku. Khoma likangosuntha, galasi lisweka. Amayi onse maso pa ine. Mmodzi anafunsa kuti galasilo n'lachiyani. Ndinati ndi loyezera chabe. Silinali bodza. Sizinalinso zoona zonse.

Kowasamutsira kulibe. Mlatho wopita ku Njuli akuti wakokoloka.

Tili panja ndi a Dominic, tikuyang'ana madziwo ngati zitsiru, panafika mkulu wina wamfupi, jekete la suti lonyowa, wopanda nsapato. A Nikodemo Khuliwa, zaka 85. Mwana wawo Bibiana ndi amene anawabereka kumsana dzulo kuwatsitsa phiri.

"Mwatseka ngalande," anatero.

Ndinati pano palibe ngalande agogo, mapu a nyumbayi ndili nawo.

"Mapu anuwo sanakumbe. Ndinakumba ndine."

Akuti 1957, ali ndi zaka 19. Ngalande ya miyala pansi pa nthaka, kuzungulira chigawo chonse cha kummawa, kukatulukira kudambo. Ndinafunsa kuti pakamwa pake pali pati. Anayenda pang'ono, n'kugogoda ndi ndodo pa konkiriti ya poimika magalimoto.

Konkiriti imeneyo ndinathira ndine. 2011, pokonzekera mwambo woyamba wopereka madigiri. Ndikukumbuka miyala ina yondandalika pamenepo. Ndinati n'zinyalala zakale. Sindinafunse munthu aliyense. Akhonsolo anandiyamikira ndi kalata, ikadali mu fayilo.

Zaka 12 madzi akudya pansi pa khoma mwakachetechete. A Dominic analipo tsiku limenelo. Lero anangoyang'ana kumapazi.

Chakudya chandikanika.

Lachitatu, 15 Malichi

Piki ziwiri, hamala yaikulu imodzi, mafosholo anayi. Abambo a mu holo anabwera okha, osaitanidwa. Anthu oti dzana ataya zonse, ena akudikira uthenga wa abale awo. Kapena manja amafuna chogwira.

A Nikodemo pampando pakhonde, bulangete pamapewa, akulamula, a Dominic akuwerenga mapazi kuti tipeze pokumba. Dzenje loyamba, palibe. Lachiwiri, palibe. Ndinayamba kukayika. Munthu wokalamba, zaka 66 zapita. Anaona nkhope yanga, anakwiya, n'kuyamba Chilomwe chokhachokha. Bibiana ndiye anamasulira: "Akuti kuchokera pamzati womaliza mapazi asanu ndi awiri, koma mapazi a iwowo, osati a bambo ataliataliwa."

Tinawanyamula mpaka pamzatiwo, kenako anayenda okha mumvulamo kuwerenga mapazi awo. Pamene anaima panali mkono wathunthu kuchokera pamene timakumba.

Dzenje lachitatu, mwala wathyathyathya. Titaukweza, fungo la zaka. Matope, mizu, mapepala a pulasitiki. Tinatokosa ndi nsungwi kuyambira 11 koloko. Cha m'ma 3 china chake chinamasuka pansipo, madzi anayamba kukoka, phokoso ngati ng'ombe ikumwa. Anthu anakuwa. Ena anaseka koyamba chibwerereni. Ine ndinapita kukadzitsekera kusitolo ya zipangizo kanthawi.

Nditabwerera mkati, galasi losweka. Pakati penipeni. Mwana wina wagona pansi pake.

Ndinalamula kuti amayi ndi ana onse asamukire mu holo, abambo pakhonde, titchinge ndi mapepala akuda. Khoma tachirikiza ndi mitengo ya bulugama isanu ndi umodzi. Mayi wina akupinda mphasa anandifunsa, "Mutisamutsa kangati sabata imodzi?" Ndinamunyamulira mphasayo.

Galasi lachiwiri ndamata. Galasi lachitatu ndaliika pamene chigawo cha kummawa chikulumikizana ndi chapakati.

Manja matuza okhaokha. Bondo latupa.

Lachinayi, 16 Malichi

Mvula yayamba kufooka. Magalasi onse ali bwino.

Netiweki yabwera. Amayi anga ali moyo. Khitchini yagwa, nandolo yense wapita, koma iwo akudandaula za nkhuku. Ndinaseka mpaka misozi.

Kuphiri apeza mitembo. Mabanja atatu a muno auzidwa lero. Kulira mu holo kumamveka kawiri, dengalo ndi lalitali.

Loweruka, 18 Malichi

Dzuwa. Zovala zayanikidwa pamizati yonse 18.

Ndinakumbuka za lipoti ndi kambiri kaja. Ndinatenga kope kukakhala pafupi ndi a Nikodemo. Ndinawawerengera mwala uli pakhomo lalikulu, dzina la mmishonale amene akuti anamanga nyumbayi, ndi chaka. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ameneyo ankagwira ambulera," anatero.

Akuti njerwa za 1938 anaumba bambo awo ndi anzawo. Osati ganyu. Makolo awo anachokera ku Mozambiki, anakhala pamalo a mishoni, ndiye masiku ena pamwezi ankagwira ntchito kuti asathamangitsidwe. Za 1957 ndiye ananyamula iwowo, pamutu, zisanu ndi zitatu ulendo umodzi, kuchokera kudambo kukwera mtunda wonsewu. Anavula chipewa kuti ndigwire pamutu. Pali malo olowa mkati.

Atamaliza kumanga, pakhonde sankaloledwa kudutsa. Khonde linali la aphunzitsi ndi ophunzira ovala nsapato. Iwo ankazungulira kuseri.

"Ndagonamo koyamba Lolemba lapitali. Andilowetsa ndi madzi."

Ndinafunsa ngati amaikonda nyumbayi. Funso lopusa. Anati, "Nyumba ndi yabwino, mayi. Tinamanga ndife. Zoikondazo funsani amene anaphunziramo."

Kenako anayamba kutchula mayina a anzawo. Ndinalemba 11. Ena aiwalika. "Wina wachibwibwi wa ku Mbulumbuzi." "Wina ankaimba nyimbo imodzi yokha." Amenewo ndawalemba choncho.

Zaka 16 ndili pano, munthu ameneyu akukhala ulendo wa ola limodzi kuchokera ku ofesi yanga.

Lachinayi, 23 Malichi

A Rejisitala andiitana. Makalasi ayambe Lolemba, mayeso ayandikira, makolo akuimba mafoni. Akufuna siginecha yanga pa lipoti la Khonde Lalitali mawa mmawa. Si munthu woipa. Nawonso maso alowa mkati, malaya ndi a dzulo.

Koma taona. Ndikalemba kuti nyumbayi ndi yoopsa, anthu atuluke mawa lomwelo. Ndikalemba kuti ili bwino, atuluke Lamulungu kuti mulowe madesiki. Kumsasa wa pasukulu ya pulayimale akuti kwadzaza, matenti sanafike. Muno atsala 190. Amene anali ndi kopita anapita kale.

Ndakhala pa tebulo masana onse. Pepala loyera.

Ndinapita kukayang'ana magalasi kachitatu lero. Onse athunthu. Ndinatsala pang'ono kulakalaka kuti limodzi lisweke, lindisankhire. Mulungu andikhululukire.

Lachisanu, 24 Malichi

Ndalemba. Chigawo cha kummawa chitsekedwe, chidzagumulidwe chilimwe, maziko ake anadyeka. Chapakati ndi khonde lake n'zolimba, zisagumulidwe, zimangofuna malata. Koma makalasi asalowemo kwa masabata asanu ndi limodzi pamene ndikuyezabe polumikizira paja. Okhalamo apitirize kukhala, ndiziyendera mmawa ndi madzulo.

A Rejisitala anawerenga kawiri. Anavula magalasi awo. "Ndiye nyumba imeneyi imagwera ophunzira okha?"

Ndinati ndalemba zimene ndalemba.

Anatsegula tsamba lachitatu, pamene ndafotokoza za ngalande, kuti inatsekedwa 2011 ndi woyang'anira nyumba, Albertina Mulipa, osafufuza. "Izi chotsani. Palibe wakufunsani." Ndinati khoma landifunsa kale. Anapumira m'mwamba, anasaina pansi pa dzina langa. Makalasi akachitikira kodyera ndi mutchalitchi.

Mayina 11 aja ali pa tsamba loyamba. Amenewo anawasiya momwemo.

Ngati pagwa njerwa imodzi yokha pamutu pa mwana, dzina ndi langa.

Lachiwiri, 11 Epulo

Mmawa magalasi, madzulo magalasi. Pasaka yadutsa sindinaione. Zimbudzi ziwiri zadzaza, takumba zina. Ana awiri kutsegula m'mimba, ndinaopa kolera, koma apepukidwa.

Ophunzira ena akudandaula za utsi ndi phokoso. Ena akuphunzitsa ana kuwerenga pakhonde. Anthu ali mitundumitundu.

Mu holo mwabadwa mwana wamkazi Lachisanu Loyera.

Ndinagona pa ofesi mutu pa fayilo, anandidzutsa ndi a Dominic. Akuti ndimalankhula za mizati.

Lachisanu, 5 Meyi

Omaliza achoka dzulo. Apatsidwa malo cha ku Mikolongwe, kutali ndi phiri, tenti banja lililonse. Holo yangoti zii. Pakhoma zala za ana, pansi mabala a moto. Magalasi onse awiri athunthu mpaka lero. Ndawachotsa ndekha.

Makalata awiri ochokera ku khonsolo. Yoyamba: lipoti lavomerezedwa, chapakati chikhale, cha kummawa chigwe. Yachiwiri: chenjezo kwa ine chifukwa cha konkiriti ija. Ndaika mu fayilo momwemo, pamwamba pa yoyamikira.

Ndinapempha kuti njerwa za chigawo cha kummawa zipite kwa mabanja amene anagona muno. Avomera msanga. Kwa iwo ndi zinyalala zosowa kotaya.

Ndimayesa ndisangalala. Ndikungofuna tulo.

Loweruka, 17 Juni

Sabata zitatu tikugumula ndi manja, mzere ndi mzere, kuyambira pamwamba. Ubwino wa laimu ndi umenewu, ukagogoda pang'ono njerwa imachoka yathunthu. Zikanakhala za simenti bwenzi tili ndi mulu wa zibenthu. Khonde latsala ndi mizati 12. Likuoneka ngati munthu wometa mbali imodzi. Tizolowera.

Lero ulendo woyamba wa lole. Ndinati tiyambire kwa a Nikodemo. Kuzizira, chiperoni, msewu maenje okhaokha. Malo awo atsopano ndi chigwembe cha udzu, matenti oyera m'mizere, mtengo ndi umodzi womwe.

Tinawapeza pakhomo pa tenti, jekete lomwe lija, awonda. Ndinagwada kuwalonjera, ndinawauza zimene tabweretsa. Anayang'ana lole nthawi yaitali.

"Zibwezeni."

Ndimayesa sindinamve.

"Ndinazisenza kale pamutu zimenezo. Zisadzandikhalenso pamutu ndikugona."

Ndinayang'ana manja anga. Sabata zitatu, zikhadabo zonse zothyoka. Ndinafuna kukwiya koma mphamvu panalibe. Ndipo ndinaona kuti sakulakwa.

Bibiana anatuluka kuseri kwa tenti, ndowa m'manja. Sanayang'ane bambo ake. "Tsitsani apo. M'nyumbamo simudzagona iwo okha."

Tinayamba kutsitsa, ine, a Dominic, Bibiana ndi dalaivala. A Nikodemo anatembenuza mpando kutipatsa msana. Tinatsitsa kwa mphindi makumi awiri. Kenako, osacheuka: "Ndani akuponyayo? Njerwa saponya. Patsanani."

Tinapatsana.

Titatsala pang'ono kumaliza anaimirira, ndodo m'manja, anapita pamene Bibiana anakhoma zikhomo zinayi ndi chingwe cha nyumba yawo. Ndinawatsatira. Tinaima tonse awiri. Ngodya imodzi yatseguka, khoma lakumbuyo lifupika ndi mkono, ndiponso khomo layang'ana kochokera madzi.

"Mukuonatu, mayi?"

Ndinati ndikuona.

"Ndiye mwangoima?"

Tepi inali m'thumba la jekete. Ndinazula chikhomo choyamba. Iwo anagwira nsonga ya chingwe, diso lili bwinobwino. Anandibweza kawiri. Kachiwiriko anali olondola.

Ndafika kunyumba dzuwa litalowa, matope mpaka m'mawondo. A Dominic akufunsa ngati lole tiipemphenso sabata yamawa, mabanja atsala 23. Onsewo zikhomo zawo ndaziona podutsa. Palibe n'chimodzi chomwe chili pamalo pake.

Loweruka likubwerali maziko a kwa Bibiana. Ndinyamule levulo yoyezera khoma, laini ya omanga, ndi tepi.